Pampu mwagula, nanga madziwo mwapempha?

Msuweni wanga wina adandiimbira foni mwezi watha ali wokwiya kwambiri. Mnyamatayu adatenga ngongole n'kugula pampu ya sola, mapaipi ndi thanki, cholinga alime tomato wamthirira kudimba la agogo athu. Poona kuti kamtsinje kakuchepa madzi, iye ndi anzake awiri adaunjika matumba a mchenga n'kutseka. Patangotha sabata, amayi a kumunsi kwa mtsinjewo adakadandaula kwa amfumu kuti akusowa pochapa ndi pomwetsa mbuzi. Pabwalo padaimirira bambo wina wopuma pantchito n'kumufunsa funso limodzi lokha: "Chilolezo chotapira madziwa chili kuti?"

"Aise, chilolezo cha chiyani? Dimba ndi lathu, mtsinje wadutsa pathu," adatero pafonipo. Ndidamumvetsa, chifukwa nanenso ndidakula ndikuganiza choncho.

Koma lamulo silionera choncho. Malinga ndi Water Resources Act ya 2013, madzi onse m'dziko muno, a m'mitsinje, m'nyanja, m'madambo ngakhale apansi panthaka, ali m'manja mwa boma m'malo mwa tonsefe. Malo atha kukhala anu, mapepala ake muli nawo, koma madzi odutsa pamenepo si anu nokha. Lamulo lomweli ndi limene lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, mwachidule NWRA, lomwe limapereka zilolezo zotapira madzi, zokumbira mijigo komanso zotayira madzi oipa m'mitsinje.

Musachite mantha, mayi wotunga madzi ndi ndowa kuti akaphikire ndi kusambitsa ana safunika pepala lililonse. Madzi a ntchito zapakhomo lamulo limawalola. Nkhani imasintha mukayamba kupopa ndi makina, kutseka kapena kupatutsa mtsinje, kapena kugwiritsa ntchito madziwo pa bizinesi. Ndipo apa ndi pamene achinyamata ambirife tikulowa masiku ano: wina ulimi wamthirira, wina maiwe a nsomba, wina kotsukira magalimoto, wina kugulitsa madzi a m'mabotolo.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mungoona. Tinene kuti pampu ikukoka malita 2,000 pa ola, ndipo dzuwa lawala bwino maola 6. Amenewo ndi malita 12,000 pa tsiku, kapena kuti ndowa 600 za malita 20. Munthu mmodzi ameneyo. Tsopano muganize anyamata asanu atatero pa kamtsinje kamodzi mu Okutobala. Wa kumunsi atsala ndi matope basi. Chilolezo chilipo kuti wina aziwerengetsa masamu amenewa a mtsinje wonse, chifukwa aliyense payekha amaona ngati akutapa pang'ono.

Popempha, konzekerani kuyankha zinthu zimene msuweni wangayo sadaziganizireko n'komwe. Madzi muziwatenga pati penipeni, mtsinje wanji kapena mjigo uli pamalo ati? Ochuluka bwanji pa tsiku? Muzichita nawo chiyani? Malowo muli nawo ufulu wotani? Funso la kuchuluka kwa madzi ndi limene limagwetsa anthu, ena amangolemba nambala ya m'mutu. Onani zimene zalembedwa pa pampu yanu, muchulukitse ndi maola amene izigwira ntchito. Pamakhala ndalama yolipira, ndipo chilolezocho chimabwera ndi malire ake, sichokuuzani kuti tapani mmene mungafunire. Ntchito ikakhala yaikulu, monga damu kapena sikimu ya mahekitala ambiri, bungwe loona za chilengedwe la MEPA nalonso limafuna kuunika kaye mmene ntchitoyo ikhudzire malo ndi anthu.

Za mjigo ndiye ndichedwepo pang'ono, chifukwa m'tauni zafika potchuka. Mipopi ikauma masiku atatu, pagulu la WhatsApp la m'dera mumayamba kuyenda manambala a okumba mijigo. Chilolezo chimapemphedwa makina asanafike pamalo, osati atakumba kale. Wokumbayo naye ayenera kukhala ndi layisensi, ndiye mufunseni akuonetseni musanapereke ndalama yoyamba. Ngati mukukhala m'dera limene madzi amaperekedwa ndi Water Board, monga ku Lilongwe kapena ku Blantyre, dziwani kuti nawonso ali ndi mawu pa nkhaniyi.

Ena amati ma Water Board amangoopa kutaya makasitomala. Mwina pali kachoonadi, sindikana. Koma taonani mmene mapuloti athu apanikizirana. Akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti chitsime kapena mjigo uzitalikirana ndi chimbudzi chokumba ndi mamita osachepera 30. Ndi mapuloti angati ku Ndirande kapena ku Area 25 amene angakwanitse zimenezi, poti chimbudzi cha aneba chili kuseri kwa mpanda wanu? Kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madzi osatetezeka ndiwo njira yake yaikulu. Madzi a mjigo kuoneka oyera sikuti ndi abwino kumwa, kawayezetseni. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli malo amene anthu adawononga ndalama kukumba, n'kupeza madzi amchere osamweka.

Chodandaula changa n'chakuti uthengawu sufika kumene ukufunika. Ogulitsa mapampu amakuuzani za mphamvu ya sola ndi kutalika kwa paipi, za chilolezo zii. Mnyamata wa kumudzi aziidziwa bwanji NWRA, pomwe ngakhale ife odutsa ku koleji ambiri dzinali timalimva koyamba tikalakwa kale? Ofesi ya zamadzi ya kwa DC ndi alangizi a zaulimi ndiwo ali pafupi ndi anthu, ndipo ndi pabwino poyambira kufunsa.

Msuweni wangayo adachotsa matumba aja tsiku lomwelo amfumu atalamula. Tomato wa mizere ya kumtunda adafota, ngongole ikumudikirabe. Pano iye ndi anzake aja agwirizana zopempha chilolezo chimodzi ngati gulu, ndipo akupopa m'mawa mokha kuti masana madzi azitsikira kumunsi. Dzulo wanditumizira chithunzi cha fomu, akufunsa kuti malita 12,000 ndi ma cubic metre angati. Ndamuyankha kuti 12.