MUDZI SI NKHOKWE YA OCHOTSEDWA NTCHITO

Mwezi wathawu tidaona bambo wina akutsika galimoto pa Chisepo, atanyamula matiresi, chikwama ndi kawailesi. Adagwira ntchito yaulonda zaka 8 pa kampani ina mumzinda wa Lilongwe. Tsiku lina m'maŵa adamuitanira ku ofesi, namuuza kuti malonda sakuyenda, choncho ntchito yatha. Adampatsa malipiro a mwezi umenewo, nati zotsala adzamva. Titamfunsa ngati adalondolako ndalama zake zinazo, iye adayankha mwaulemu kuti, "Abambo, ine ndine munthu wamba, ndingalimbane ndi mabwana? Ndabwera kumudzi, ndizilima."

Mau ameneŵa tawamva kaŵirikaŵiri m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndipo amamveka ngati kudzichepetsa. Koma ife tikuti m'kati mwake muli bodza limene lapweteka mabanja ambiri, bodza lakuti munthu akachotsedwa ntchito palibe amene ali naye ngongole, popeza kwao kuli mudzi womlandira.

Tiyeni tiwuyang'ane bwino mudziwo. Bambo uja adafika mwezi wa Januwale, anzake atabzala kale, ena atabandira. Munda umene adausiya zaka 8 zapitazo adagaŵana ndi adzukulu. Feteleza alibe, mbeu alibe. Mai ake okalamba, amene iye ankawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi, ndiwo tsopano akumgaŵira ufa iyeyo, mkazi wake ndi ana anai. Mwana amene adali ku sekondale wakhala pansi chifukwa cha fizi. Kampani idadya mphamvu za munthuyu ali wanyonga, koma tsiku la tsoka lake katundu yense wagwera nkhalamba ya kumudzi imene sidapindulepo kanthu ndi malonda a kampaniyo. Kodi chimenechi nchilungamo?

Mchitidwewu ngwakale. Makolo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka mu 1974 pamene ndege idagwa ku Francistown nkupha Amalaŵi oposa 70, boma nkuletsa ulendowo. Pambuyo pake anthu adayambanso kupita kudzera ku Teba, kufikira njirayo idatsekedwa mu 1988. Amunawo adabwerera kumudzi, ndipo ambiri adatha zaka akuyendera ndalama zao, ena mpaka kumwalira osaziona. M'maesiteti a fodya namonso munthu ankati akadwala kapena nyengo ikatha, ankangomuuza kuti azipita kwao. Mu 2022, pamene boma lidatseka Admarc kuti liikonzenso, antchito zikwi zingapo adapezeka ali pa ulova nthaŵi imodzi. Nthaŵi zonsezi yankho lakhala limodzimodzi: kumudzi kulipo.

Tsono choyamba chimene tifuna kuti banja lililonse lidziŵe nchakuti lamulo la dziko lino silinena choncho. Lamulo la zantchito la mu 2000, limene lidakonzedwanso mu 2010, likuti munthu amene wagwira ntchito chaka chathunthu kapena kupitirira, akachotsedwa chifukwa chakuti kampani ikuchepetsa antchito, kapena yagwa m'mavuto a zachuma, kapenanso akachotsedwa mopanda chilungamo, ayenera kulandira ndalama zotsazikira, zimene m'Chingerezi amati severance allowance. Kaŵerengedwe kake nkosavuta. Pa chaka chilichonse mwa zaka 5 zoyamba, alandire malipiro a masabata 2. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, malipiro a masabata 3 pa chaka. Kuyambira chaka cha 11, malipiro a masabata 4 pa chaka. Motero mlonda wathu wa zaka 8 uja adayenera kulandira malipiro a masabata 19, ndiye kuti opitirira a miyezi inai. Zimenezo zikadamgulira feteleza ndi mbeu, mwana wake akadakhala ali m'kalasi lero.

Si zokhazo ai. Wantchito wolipidwa pa mwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, apo ai malipiro oloŵa m'malo mwa notisiyo. Masiku a tchuthi amene sadapume ayenera kulipidwa. Malipiro ake otsala aperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha, ndipo ali ndi ufulu wopempha kalata yosonyeza kuti adagwira ntchito pamalopo. Ngati akuona kuti adachotsedwa mokondera, akadandaule ku ofesi ya Leba ya m'boma lake pasanathe miyezi 3. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti loona za antchito, la Industrial Relations Court, limene lili ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Palinso penshoni. Kuyambira mu 2011 lamulo likukakamiza olemba ntchito kusonkha 10 pa 100 iliyonse ya malipiro a wantchito, iye mwini nkusonkha 5. Kale munthu wochotsedwa ntchito ankadikira miyezi 6 asanaloledwe kutapako gawo la ndalamazo, koma lamulo latsopano la mu 2023 lidachepetsa nthaŵiyo kufika pa miyezi 3. Chomvetsa chisoni nchakuti alipo olemba ntchito amene amadula ndalamazi pa malipiro a munthu koma osazipereka ku thumba la penshoni, ndipo Reserve Bank yakhala ikudandaula za mabiliyoni a kwacha amene sadafike. Mchitidwe wotere dzina lake ndi kuba, ngakhale wochitayo avale tayi. Inu amene mudakali pa ntchito, funsani chaka ndi chaka pepala losonyeza zimene zaloŵa m'dzina lanu. Sungani kalata yokulemberani ntchito ndi timapepala ta malipiro monga mumasungira khadi la ubatizo, pakuti tsiku la mlandu mboni zanu nzimenezo.

Nanga nchifukwa ninji anthu athu salondola ndalama zimenezi? Ena sadziŵa. Ena amachita manyazi, ngati kuti kufunsa chako nkupemphetsa. Ena amaopa kuti akatchuka nkulongolola sadzalembedwanso kwina. Ambiri amagonja chifukwa cha mtunda: kuchoka pa Chisepo kupita ku boma kapena ku Lilongwe kumafuna ndalama ya ulendo, ndipo ukafika angakuuze kuti ubwerenso sabata lamaŵa. Milandu ya kukhoti nayo imachedwa, pamene kwacha ikugwa. Mu Novembala 2023 mokha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Wolemba ntchito wosaongoka amazidziŵa bwino zonsezi, ndipo amadalira kuti wosauka atopa msanga. Kufatsa kwathu ndiko phindu lake.

Komabe tisanamizane. Ngakhale munthu atalandira zonsezi, nzakamodzi kokha. Dziko la Malaŵi lilibe thumba lothandiza wochotsedwa ntchito mwezi ndi mwezi pamene akufunafuna ina. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, adakonzera mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, kotero mlonda wathu sangaloŵemo. Kutapa penshoni nako nkudya mbeu: wakhuta lero, koma ukalamba ukubwera. Pa nthaŵi ya mliri wa Covid-19 mu 2020, pamene mahotela ndi makampani ankachotsa anthu, boma lidachita kukonza mothamanga chithandizo cha K35,000 pa mwezi kwa mabanja ena a m'mizinda, chifukwa padalibe thumba lokhazikika.

Anzathu a ku South Africa ali nalo thumba lotere, lotchedwa UIF. Wantchito amasonkha 1 pa 100 iliyonse ya malipiro ake, womlemba nayenso 1, ndipo ntchito ikatha munthu amalandirako gawo la malipiro ake kwa miyezi ingapo. Kuyambira mu 2003 ngakhale antchito a m'nyumba adaloŵetsedwamo. Papa Yohane Paulo wachiŵiri, m'kalata yake ya mu 1981 yonena za ntchito, Laborem Exercens, adaphunzitsa kuti kuthandiza osoŵa ntchito ndi mabanja ao ndi udindo weniweni, wochokera pa ufulu wa munthu wokhala ndi moyo.

Tikudziŵa zimene ena ayankhe. Ati dziko lathu nlosauka. Koma thumba lotere silidalira msonkho wa mlimi wa chimanga ai, amasonkha ndi antchito eniake pamodzi ndi owalemba, monga m'mene timasonkhera kale penshoni. Ati olembedwa ntchito ngoŵerengeka, ochuluka ndi alimi. Nzoona, koma ŵerengani pakhomo panu anthu amene amadya za mwana mmodzi wa m'tauni, mudzaona kuti ntchito imodzi ikatha, mitondo ingapo imaleka kusinja. Atinso anthu achita ulesi. Ndani angasiye malipiro athunthu chifukwa cha kagawo ka miyezi yochepa? Atinso ndalamazo zibedwa. Mantha ameneŵa ngomveka, ndipo tawaona kale pa penshoni. Koma kukhala ndi mbeŵa sikuletsa munthu kumanga nkhokwe, amangoimanga bwino naiyang'anira.

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, pamodzi ndi mabungwe a antchito, aikepo mtima pa lamulo lokhazikitsa thumba la ochotsedwa ntchito, ndipo ife tiwafunse za ichi akabwera kudzapempha mavoti. Inu olemba ntchito, kaya muli ndi kampani, esiteti, chigayo, golosale kapena wantchito wa m'nyumba mmodzi yekha, lipirani zimene lamulo likunena musanachite kukokeredwa ku Leba. Mau ameneŵa akukhudza ifenso, pakuti m'maparishi, m'sukulu ndi m'zipatala za mpingo muli alonda, ophika ndi oyendetsa galimoto. Potsiriza, m'miphakati mwathu muli aphunzitsi ndi ena odziŵa kulemba. Mbale akabwera atachotsedwa ntchito, tisangompatsa pepani ndi lichero la ufa. Tikhale naye pansi, tiŵerengere zaka zake, timlembere kalata, timsonkhere ya ulendo, wina amperekeze ku ofesi miyezi 3 isanathe.

Mlonda uja tidachita naye zomwezo. Akhristu anzake adasonkha, mphunzitsi wina wopuma adalemba kalata, ndipo Lolemba lapitali adakwera galimoto pa Chisepo kupita ku Leba, mapepala ake ali m'thumba la pulasitiki. Mai ake adamperekeza mpaka pa siteji.