Wolumidwa ndi njoka asabwerere mumzere tsiku lomwelo

Nyengo yothyola ngayaye m'minda ya mbewu ya chimanga ndiyonso nyengo imene njoka zimayenda. Ife ochita malonda a mbewu timawerenga mosamala matumba, feteleza ndi masiku a ntchito, koma sitinagwirizanebe chochita waganyu akalumidwa n'kunena kuti akumva bwino. Kapitawo amamuyang'ana, n'kumubweza mumzere.

Mphiri sibisa ukali wake. Mwendo umatupa, ululu umakula, ndipo palibe amene amatsutsa zopita kuchipatala. Zoopsa mwakachetechete ndi boomslang ndi nalikukuti, njoka za m'mitengo ndi m'mipanda. Poizoni wake amatha mphamvu imene imaumitsa magazi, koma pabala sipaoneka kanthu. Munthu amadya nsima, amagona, ndipo pakapita maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu, magazi amayamba kutuluka m'nkhama, m'mphuno, mumkodzo, ngakhale m'bongo. Karl Schmidt, katswiri wa njoka ku Field Museum ku Chicago, analumidwa ndi kamwana ka boomslang mu 1957. Anakaona kuchepa, sanapite kuchipatala, ndipo mawa lake anamwalira. Ngati katswiri ananyengeka, kapitawo wathu ndani?

Mankhwala a boomslang ndi apadera, amapangidwa ku Johannesburg, ndipo aja othandiza pa mphiri ndi mamba sagwira pa iyo. Nalikukuti alibe mankhwala ake. Madokotala amangothandiza ndi magazi. Choncho tsiku limene lapita pachabe ndi limene likanatha poitanitsa mankhwala kapena kutumiza wodwala ku Southerton, kuchipatala cha Sally Mugabe, chimene makolo athu ochokera ku Nyasaland ankachitcha Gomo monga anzawo a ku Mbare ndi Highfield.

Kuyeza kwake sikufuna ndalama zambiri. Namwino amaika magazi pang'ono m'kabotolo kagalasi kouma, n'kudikira mphindi 20. Akapanda kuundana, poizoni ali m'thupi. Amabwereza pakapita maola, chifukwa kuyeza koyamba kumatha kunamiza.

Kutema mphini pabala n'kutsegulira magazi khomo lina. Aspirin amawonjezera vuto, ndipo chingwe chomanga mwendo chimapha mnofu.

Bungwe la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2017, ndipo likufuna kuchepetsa imfa ndi theka pofika 2030. Mbali yathu ndi yaing'ono. M'mapangano athu ndi alimi ochulukitsa mbewu mulembedwe nsapato za jombo, galimoto yotengera wolumidwa kuchipatala, ndi malipiro a masiku amene akumuyang'anira. Waganyu amene akudziwa kuti tsiku lake lidulidwa adzanena kuti ali bwino, ngakhale nkhama zitayamba kale kufiira.