Nanga atsikana ovina kumbuyo aja anali ndani?

Pali chizolowezi chonena kuti mafilimu a nyimbo ndi magule amene Hollywood inatulutsa m'zaka za m'ma 1930 anali ongogoneka anthu tulo kuti aiwale umphawi. Kodi onena zimenezi anaonera 42nd Street mpaka kumapeto? Anaona mmene Gold Diggers of 1933 imayambira? Atsikana akuyeserera nyimbo yonena za ndalama, atavala zovala zokongoletsedwa ndi makobidi, kenako akulowa anthu odzalanda katundu chifukwa mwini sewero ali ndi ngongole. Patangopita mphindi zochepa tikuwaona atsikanawo ali m'chipinda cha lendi, mmodzi akuba botolo la mkaka la anansi. Kodi munthu wofuna kukuiwalitsa njala amayamba ndi kukuonetsa njala?

Mafilimuwa ankanena za ntchito, ndipo mphamvu yawo ili pamenepo. Nkhani yake imachitikira kuseri kwa siteji, kumene kuli thukuta, kukalipiridwa ndi mantha a kuchotsedwa. Mu 1933 munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito ku America anali lova. Woonera amene anasunga timakobidi take kuti alowe m'holo ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la mzere wa atsikana odikira kuti mwina asankhidwa.

Mtundu wa mafilimuwu unali utatsala pang'ono kufa. The Jazz Singer ya 1927 itatsegula njira ya mafilimu a mawu, ndipo The Broadway Melody ya MGM ya 1929 itapata mphoto ya Oscar, makampani onse anathamangira komweko mpaka anthu anatopa nazo. Kamera nayonso inkatsekeredwa m'kabokosi kuti phokoso lake lisalowe m'maikolofoni, choncho inkangoima malo amodzi. Kampani ya Warner Bros. ndi imene inadzutsanso zinthu mu 1933 ndi mafilimu atatu m'chaka chimodzi: 42nd Street, Gold Diggers of 1933 ndi Footlight Parade. Nyimbo zambiri anapeka ndi Harry Warren ndi Al Dubin, magule onse anakonza ndi Busby Berkeley.

Luso la Berkeley palibe angalikane. Anakweza kamera kudenga, nailowetsa pakati pa ovina, napanga zinthu zimene siteji yeniyeni singakwanitse. Koma munthuyu anaphunzira kusanja anthu ali msilikali ku France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kumene ankakonza maperete. Tikayang'ana kuchokera pamwamba n'kuona atsikana ambirimbiri asanduka duwa lotseguka ndi kutsekeka, tikusirira chiyani? Kuvina kwawo, kapena nzeru za mwamuna amene wawayala? Filimu yatha ola lathunthu kutiuza kuti aliyense wa iwo ali ndi njala yake ndi lendi yake, ndiye n'chifukwa chiyani pa mphindi yokoma kwambiri imawachotsera nkhope n'kutsala ndi miyendo? Inde, nthawi zina kamera ya Berkeley imadutsa pafupi n'kuonetsa nkhope imodziimodzi ikumwetulira. Koma dzina la mwini nkhopeyo ndani analilemba poyera?

Onaninso mmene mwayi umabwerera mu 42nd Street. Peggy Sawyer, woseweredwa ndi Ruby Keeler, amakomoka ndi kutopa poyeserera. Amakhala katswiri usiku umodzi chifukwa chakuti Dorothy Brock, katswiri wa sewero limene akuyeserera, wathyoka kakolo. Dorothy yemweyo anapeza malo ake chifukwa bambo wachuma wolipirira sewerolo ankamufuna. Filimuyo sikubisa chilichonse mwa izi, ndipo ndimailemekeza pa chimenecho. Komabe ndifunse: ngati njira yokwerera ndi kuvulala kwa mnzako kapena chilakolako cha mwini ndalama, anzake a Peggy amene anavina naye milungu isanu yonse yoyeserera atsala pati? Ngakhale Julian Marsh, wotsogolera sewero amene wadwala nayo ntchitoyi, filimu ikutha ali yekha panja, akumva anthu otuluka akutama Peggy ndi kumuchepsa iye.

Ndipo kuseri kwa kamera kunali bwanji? M'mwezi wa Malichi 1933, mwezi womwe 42nd Street inkafika m'maholo, makampani a mafilimu anadula malipiro a antchito ambiri ndi theka kwa milungu isanu ndi itatu. Chaka chomwecho ochita mafilimu anakhazikitsa bungwe lawo la Screen Actors Guild. Kodi sitiyenera kukumbukira zimenezi tikamaona kampani ikupanga phindu pogulitsa nkhani ya antchito osauka?

Pamene mafilimuwa anafika pachimake ndi pa nyimbo yotsekera Gold Diggers of 1933, yotchedwa Remember My Forgotten Man. Joan Blondell waima mumsewu usiku, asilikali akuguba kupita ku nkhondo, akubwerako ovulala mvula ikugwa, kenako ali pa mzere wolandira chakudya. Chaka chimodzi m'mbuyomo, mu 1932, boma linali litathamangitsa ku Washington asilikali akale amene ankapempha ndalama zawo. Mawu olira kwambiri m'nyimboyo ndi a Etta Moten, mayi wakuda amene akuimba ali pa zenera. Pa anthu onse amene amatchula Berkeley ndi Keeler, ndi angati amene amatchulako iye?