Barrio, bairro ndi komboni: mlendo ayamba ndi kudziwa dzina la kumene akhala

Pa 20 May 2025 dziko la Spain linayamba kugwiritsa nchito malamulo atsopano okhudza anthu ocokera kunja. Mwa zina, malamulowa anacepetsa nthawi imene munthu wopanda zikalata ayenera kukhala m'dzikolo asanapemphe cilolezo cokhalamo, kucoka pa zaka zitatu kufika pa zaka ziwiri. Koma boma silikhulupirira za pakamwa. Wopempha ayenera kuonetsa umboni wakuti zaka ziwirizo anali m'dzikomo, ndipo umboni umene ambiri amadalira ndi kaundula wa khonsolo wochedwa padrón, mmene mumalembedwa dzina la munthu pamodzi ndi msewu ndi nyumba imene akhala.

Nkhaniyi ingaoneke ya kutali kwa mlimi wa nsawawa ku Petauke kapena mai wogulitsa nthoci pa msewu wa Great East ku Nyimba. Komabe funso limene lili pansi pake ndi lodziwika bwino m'maboma awiriwa. Munthu akafika kwa eni, ndani amene angamucitire umboni kuti akhala pamalopo? Anthu a kuno analandirapo alendo zikwizikwi, ndipo ana ao amacoka caka ndi caka kupita ku Lusaka, ku Tete ndi kutsidya la nyanja. Kulikonse kumene mlendo afika, mau oyamba ofunika kuwamvetsa ndi dzina la dera limene agona, cifukwa dzinalo limamuuza amene ali ndi mphamvu pamalopo ndiponso khomo loyenera kugogoda.

Mau amodzi, matanthauzo ambiri

M'Cisipanishi dera la mumzinda limachedwa barrio. Mauwa anacokera ku Ciarabu, ndipo poyamba anali kunena za malo a kunja kwa mzinda. Mzinda wa Madrid unagawidwa m'zigawo 21 zochedwa distrito, ndipo m'kati mwa zigawozo muli mabarrio 131. Kumeneko barrio si mau onyoza: olemera ndi osauka omwe ali ndi barrio yao. Akatswiri a mpira a timu ya Copper Queens anakumana nao mau otere. Barbra Banda anapita ku timu ya mumzinda wa Logroño mu 2018, ndipo Racheal Kundananji anasewera ku Eibar kuyambira mu 2021, kenako ku Madrid CFF, asanapite ku America mu 2024.

Lamulo la ku Spain limafuna kuti aliyense wokhala m'dzikolo alembetse ku khonsolo ya dera lake, ngakhale amene alibe cilolezo. Polembetsa pamafunika pasipoti ndi cikalata ca lendi, kapena cilolezo colembedwa ndi mwini nyumba. Pepala la kaundulayu limafunsidwa pofuna khadi la kucipatala ndi polembetsa mwana kusukulu. Anthu ocokera kunja kwa European Union amene alibe cilolezo cokhalitsa ayenera kukonzanso kulembetsako zaka ziwiri zilizonse. Mlendo wogona m'cipinda ca mnzake popanda kulembetsa angakhale m'dzikolo zaka zambiri, koma m'mabuku a khonsolo n'kuoneka ngati sanafikepo.

Cisipanishi cimalankhulidwanso m'maiko ambiri a ku America, ndipo kumeneko mau omwewo amasintha nkhope. Ku Venezuela barrio ndi dera la osauka lomangidwa m'mapiri ozungulira Caracas, pamene dera la opeza bwino ndi urbanización. Ku Mexico adiresi ya munthu imachula colonia. Ku Cuba, kumene ophunzira ena a ku Zambia anakaphunzira za udokotala, madera ambiri amachedwa reparto. Ku Argentina dera lomangidwa popanda cilolezo ndi villa, mau amene kwina amanena za nyumba yaikulu ya wolemera. Ku Colombia lamulo la 1994 linaika nyumba m'magulu asanu ndi limodzi ochedwa estrato: magulu apansi amalipira zocepa pa madzi ndi magetsi, pamene gulu 5 ndi 6 amalipira zoonjezera. Ngakhale mau akuti manzana, amene wophunzira amawadziwa ngati dzina la cipatso ca apozi, mumzinda amatanthauza mdadada wa nyumba zozunguliridwa ndi misewu inai. Conco wodalira buku la matanthauzo lokha angabwereke nyumba kumalo kumene sanayembekezere.

Zimene Ukwimi inaona

Mau a Cipwitikizi akuti bairro ndi m'bale wake wa barrio, ndipo anamveka ku Petauke ndi ku Nyimba kalekale. Maboma awiriwa amacita malire ndi cigawo ca Tete ku Mozambique. Malirewo anakhazikitsidwa ndi pangano la pakati pa Britain ndi Portugal mu 1891, ndipo anadula pakati pa Ansenga, Acewa ndi Acikunda amene anali a mtundu umodzi, okwatirana ndi oikana maliro.

Mozambique italandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo linalanda mphamvu mafumu amene Apwitikizi anali kuwachula régulo. M'malo mwao linaika magulu a cipani, ndipo anthu ambiri a kumidzi anasonkhanitsidwa m'midzi ya boma yochedwa aldeia comunal. Munthu wofuna kalata ya ulendo kapena umboni wa kumene akhala anali kupita kwa mlembi wa dera, secretário do bairro. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula m'zaka za m'ma 1980, mabanja ambiri anawoloka malire ndi kukhala kwa abale ao m'midzi ya m'mbali mwa malire. Kuno anapeza dongosolo lina. Munda unali kupemphedwa kwa a mfumu a mudzi, amene ali pansi pa mafumu monga a Kalindawalo ku Petauke ndi a Ndake, a Luembe, a Nyalugwe ndi a Mwape ku Nyimba. Panalinso acheyamani a sekishoni ndi a nthambi a cipani ca UNIP, cimene cinali cokha cololedwa pa nthawiyo.

Lamulo la 1970 loyang'anira othawa nkhondo linali kufuna kuti iwo azikhala kumalo osankhidwa ndi boma. Zigawenga za Renamo zinali kulowanso m'midzi ya m'malire ndi kupha anthu a ku Zambia. Pa zifukwa izi, mu 1987 boma pamodzi ndi bungwe la UNHCR linatsegula malo a Ukwimi, makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa boma la Petauke, ndipo bungwe la Lutheran World Federation linali patsogolo pa nchito za citukuko kumeneko. Anthu oposa 20,000 anakhalako. Banja lililonse linali kupatsidwa mahekitala awiri, ndipo colinga cinali cakuti cakudya ca thandizo cileke anthuwo akayamba kukolola zao.

Si onse anavomera kupita ku Ukwimi. Ena anasankha kubisala pakati pa abale ao, kumene mfumu ya mudzi inali kuwadziwa koma boma silinawawerenge. Amene analembetsa analandira munda, cipatala ndi sukulu, koma kuyenda kwao kunali kwa cilolezo. Amene sanalembetse anali omasuka kuyenda ndi kugwira ganyu, koma analibe pepala lowateteza. Vuto limene mlendo wa ku Madrid amakumana nalo lero ndi lomweli, kungosiyana cilankhulo.

Akulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ku Ukwimi mamewo anakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ndi a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama, ndipo ambiri anabwerera kwao mu 1994. Minda, zitsime ndi masukulu zinatsala m'manja mwa boma, limene linakhazikapo alimi a ku Zambia. Malowa anatsegulidwanso kwa kanthawi kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 kuti alandire othawa nkhondo a ku Angola. Kuyambira mu 2018 Ukwimi ili m'boma latsopano la Lusangazi, limene linapatulidwa ku Petauke.

Komboni ndi mayadi

Mnyamata wa ku Nyimba safunikira pasipoti kuti akhale mlendo. Basi ikamutsitsa ku Intercity ku Lusaka, amamva mau awiri amene amagawa mzinda wonse: komboni ndi mayadi. Lusaka inakhala likulu mu 1935, ndipo atsamunda anaikonza ngati mzinda wa azungu, munthu wakuda ali wanchito wongokhala kwa kanthawi. Anchito ambiri anamanga pa mafamu a azungu ozungulira mzindawo, n'cifukwa cake makomboni ena monga George, John Laing ndi John Howard ali ndi maina a eni malo akale. Kabulonga ndi Woodlands ndiwo mayadi. Mzinda wa Maputo unali ndi kugawa kofanana, kumene anthu anali kusiyanitsa mzinda wa simenti ndi mzinda wa bango.

Lamulo la 1974 la nyumba linalola boma kuvomereza makomboni ena ndi kupatsa okhalamo cikalata cokhala pamalo ca zaka 30. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lamulo la mapulani a mizinda ndi zigawo la 2015. Cofunika kwa wobwera kumene n'cakuti mau akuti komboni sanena ngati malowo ndi ovomerezeka kapena ai. Ambiri ataya ndalama pogula puloti kwa munthu wodzichula cheyamani, amene alibe mphamvu yogulitsa malo. Kumudzi mau a mfumu pamaso pa mboni ndi okwanira kuti munthu alime. Mumzinda mphamvuyo ili ku khonsolo ndi ku unduna wa za malo, ndipo wosadziwa kusiyana kumeneku angamange nyumba imene idzagwetsedwa.

Amene amadutsa pa Chanida, pa msewu wocokera ku Katete, kukacita malonda kapena kukafuna nchito ku Tete ndi ku migodi ya malasha ya Moatize, amapeza mzinda wogawidwa m'mabairro monga Matundo, Chingodzi ndi Josina Machel. Bairro iliyonse imagawidwanso m'midadada yochedwa quarteirão, ndipo m'madera ambiri muli ndi woyang'anira nyumba khumi. Mu 2000 boma la Mozambique linavomerezanso mafumu, koma alembi a mabairro anakhalabe pa udindo. Kalata yotsimikizira kumene munthu akhala imayambira kwa iwo. Cinyungwe ca ku Tete sicivuta kwenikweni kwa wolankhula Cinsenga kapena Cinyanja, koma kumvana pa msika sikulowa m'malo mwa zikalata za boma.

Zimene zikutsatirapo

Pali mfundo ziwiri zotuluka m'nkhaniyi. Yoyamba ikhudza amene akucoka. Makolo amasonkha ndalama ya ulendo ndi ya pasipoti, koma kawirikawiri safunsa kuti mwana akalembetsa kwa ndani akafika. Munthu wolonjeza nchito kunja amene akana kuchula dzina la dera, msewu ndi nyumba kumene wanchito akagona ayenera kukaikiridwa, pakuti wosadziwa kumene ali sangaitane thandizo, ndipo ofesi ya kazembe singamupeze. Mwini nyumba wokana kulembetsa mlendi wake ku khonsolo, monga zimacitikira ku Spain, amamulanda zaka zimene zikanawerengedwa pa pempho lake.

Mfundo yaciwiri ikhudza amene amalandira. Zambia ili ndi malo a othawa nkhondo ku Mayukwayukwa, kumene kunatsegulidwa mu 1966, ku Meheba mu 1971 ndi ku Mantapala mu 2018. Lamulo la 1970 linalowedwa m'malo ndi lamulo la othawa nkhondo la 2017. Zipolowe zimene zinatsatira cisankho ca ku Mozambique ca pa 9 October 2024 zinacititsa anthu zikwi zingapo kuthawira m'boma la Nsanje ku Malawi. Izi zikukumbutsa kuti midzi ya m'malire ya Petauke ndi Nyimba ingalandirenso alendo tsiku lililonse, ndipo oyamba kuwaona adzakhala mafumu a midzi, osati akuluakulu a ku Lusaka.

Mbiri ya Ukwimi ikuonetsa kuti anthu amathawa kaundula pamene kulembetsa kutanthauza kucotsedwa pakati pa abale. Kaundula wa ku Spain amakopa ngakhale opanda zikalata cifukwa amatsegula khomo la cipatala ndi la sukulu. Mafumu a midzi ku Zambia amasunga kale mabuku a anthu ao motsatira lamulo la 1971 la kulembetsa ndi kutukula midzi. Ngati makhonsolo a Petauke, Nyimba ndi Lusangazi angagwirizane ndi mafumuwo kuti wobwera kumene alembedwe msanga, ndi kuti kulembedwako kumupatse mwai wa katemera, sukulu ndi citetezo, boma lidzadziwa ciwerengero ca anthu oyenera kuwatumikira, ndipo mlendo sadzaona cifukwa cobisalira.