Za ma macro zija: sungani madola anu, mimba ikuchokera m'botolo ndi pampando

A admin mundikhululukire, ndilemba zazitali chifukwa nkhaniyi yandikwana.

Masiku ano mugulu muno mwadzaza zithunzi za anyamata ovula malaya, aliyense akuti tumizani ndalama pa EcoCash kapena pa Airtel Money akupangireni ndondomeko ya ma macro, mimba iphwa m'masabata anayi. Ena mwatumiza kale. Ine ndikuti kwa munthu wa pamsewu, kuwerengera magalamu a chakudya pafoni ndi kutaya ndalama ndi nthawi. Amene akutsutsa awerenge kaye mpaka kumapeto, kenako andinyoze bwino.

Mwezi watha ndinakhala masiku atatu pa famu ina kufupi ndi Banket, pamsewu wa ku Chinhoyi, kudikira kupakira soya. Tinalipo malole angapo. Mnyamata wina, dalaiva mnzathu, anali ndi kasikelo ka kukhitchini mu kabini. Amayi ophika pa komboni atatibweretsera sadza, nyemba ndi kovo, iye anayeza nsima pasikelo, analemba pafoni, nyemba n'kuzikankhira kwa ine, ati zapyola muyezo wa sitachi wa tsikulo. Pofika 9 koloko usiku njala inamupotokola. Anapita pa kashopu ka pafamu n'kubwera ndi mabanzi anayi ndi chibotolo cha malita 2 cha zakumwa zotsekemera. Nditamufunsa ngati walemba zimenezo, anaseka: "Madala, zakumwa si chakudya." Munthu analipira madola kuti aziopa nyemba, shuga akumwa ngati madzi.

Tiyambe ndi dzinalo, chifukwa ogulitsawa amadyera pa mawu achingerezi. Ma macro ndi zinthu zitatu zimene zili m'chakudya chilichonse: sitachi ndi shuga, mapuloteni omanga thupi, ndi mafuta. Galamu imodzi ya sitachi kapena shuga imapereka makalori 4, ya mapuloteni 4, ya mafuta 9. Mowa nawo uli ndi ake, makalori 7 pa galamu ya ukali wake. Mukamadya makalori ochuluka kuposa amene thupi likuwotcha, otsalawo amasungidwa ngati mafuta. Mukamadya ocheperapo, thupi limatapa munkhokwe. Chinsinsi chonse chimene akukugulitsani ndi chomwechi, ndipo zambiri tinaphunzira kale ku pulayimale pa zakudya za magulu.

Funso lenileni ndi ili: kodi kagawidwe ka zitatuzi, wina sitachi yambiri wina mafuta ambiri, ndi kamene kamaphwetsa mimba? Anthu anayesa kale. Mu 2009 madokotala a ku Harvard ndi anzawo anatulutsa zotsatira za anthu 811 onenepa amene anawagawa m'magulu anayi, gulu lililonse ndi kagawidwe kake ka mafuta, mapuloteni ndi sitachi, kwa zaka ziwiri. Amene anafika kumapeto anataya pafupifupi makilogalamu 4, ndipo magulu onse anafanana. Amene ankapita mokhulupirika ku misonkhano ya uphungu ndiwo anataya ochulukirapo. Mu 2018 a ku Stanford anayesanso ndi anthu 609 kwa chaka chathunthu. Ochepetsa mafuta anataya makilogalamu 5.3, ochepetsa sitachi anataya 6.0, kusiyana kosanunkha kanthu. Magulu onse awiri sanapatsidwe chiwerengero cha makalori choti azitsata. Onse anauzidwanso kusiya shuga wothira ndi ufa woyengedwa kwambiri, n'kudya masamba ochuluka ndi chakudya chophika kunyumba. Ndiye mnyamata wa pa Facebook akudziwa chiyani choposa amenewa?

Ngakhale titati manambala ake ndi abwino, pamsewu sangagwire ntchito. Foni imadziwa chakudya cha m'paketi chokhala ndi chizindikiro. Nsima ya pa Kotwa ndi yolimba, ya pa Murewa ndi yofewa, madzi ake ndi osiyana, ndiye magalamu 300 a uku si ofanana ndi 300 a uko. Mafuta amene mayi wa pa Mbare anathira mumphika wa nyama munawaona? Sipuni yaikulu imodzi yokha ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo palibe wophika zogulitsa amene amayeza ndi sipuni. Mukungolemba zongoganiza, foni n'kukubwezerani nambala yooneka ngati ya ku banki. Komanso tonse timadzinamiza. Chimene timalemba ndi nkhomaliro yooneka bwino. Mabisiketi a pa tolgeti, tchipisi cha podikira mapepala ndi mabotolo awiri a usiku timaiwala.

Pa famu ya ku Banket ija ndinachezanso ndi agogo ena olankhula Chichewa chosakaniza ndi Chishona. Bambo awo anachokera ku Dedza nthawi ya Mthandizi, pamene anthu akwathu ankatengedwa kukagwira ntchito m'mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia. Machona oterewa ndi ana awo mudzawapeza ku Mvurwi, Trelawney, Karoi, Bindura ndi Marondera, mpaka gule wamkulu amavinidwa m'makomboni. Agogowa anadya mitanda itatu ine ndikuona, koma thupi lawo lili ngati nsungwi. Sindikutamanda umphawi ayi. Phoso la pafamu linali ufa, nyemba pang'ono ndi mchere, ndipo ambiri ankaonda chifukwa chosowa. Koma taonani tsiku lawo: kudzuka kusanache, kuthyola fodya, kusenza nkhuni za ku mabani, kuyenda wapansi kuchoka kumunda kufika kukomboni. Nsima ya mitanda itatu inapangidwira munthu ameneyo. Ife tatenga mbale ya wothyola fodya n'kuipatsa munthu wokhala pampando kuchoka pa Zobue mpaka ku Harare, amene ntchito yake yaikulu ndi kuponda ndi kukhotetsa. Amayi a geni chimodzimodzi, usiku wonse m'basi, usana wonse pa boda mutakhalira katundu.

Choncho amene akuti nsima ndi poizoni, aja anatengera za Banting ku Joni kuchokera pomwe buku la Tim Noakes linatchuka mu 2013, nawonso akusocheretsa anthu. Alipo amene anaonda posiya nsima, sindikana, koma anaonda chifukwa chakudya chonse chinachepa. Dalaiva wosiyiratu nsima amapirira masabata awiri, sabata yachitatu mumupeza akubwezera ngongole yonse pa gango. Nsima ichepe, isachoke.

Tsopano tiwerenge zimene zili zoyenera kuwerenga, ndipo sizifuna foni. Botolo la theka la lita la zakumwa zotsekemera za shuga wathunthu limakhala ndi magalamu pafupifupi 50 a shuga, ndiwo masipuni a tiyi oposa 12, makalori 200. Bungwe la WHO linati mu 2015 shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu za tsiku, amene kwa munthu wamkulu ndi magalamu 50 omwewo, ndipo ndi bwino kufika pa 25. Botolo limodzi lamaliza kale tsiku lonse. Ambirife timamwa atatu kuti tulo tisatigwire, kuwonjezera tiyi wa masipuni anayi m'mawa, Mazoe wosungunula mokhathamira, maheu a m'botolo ndi zakumwa zija zochotsa tulo. Mabotolo atatu ndi makalori 600, pafupifupi mbale ina ya chakudya imene mimba siinaimve n'komwe. Si pachabe boma la Zimbabwe linayamba kudula msonkho pa shuga wa m'zakumwa mu 2024. Botolo laling'ono la mowa lili ndi makalori pafupifupi 140, ndipo kuti muwotche amenewo mufunika kuyenda mwandawala pafupifupi theka la ola. Werengani nokha mabotolo a Loweruka lapitali.

Nanga tichite chiyani? Ine zimene zinandithandiza, lamba n'kubwerera mabowo awiri, ndi izi.

Muyezo ndi dzanja lanu, limene simuliiwala pa boda. Nsima kukula ngati chibakera chanu, ngati mwagwira ntchito yomanga katundu ndi matenti onjezani pang'ono. Nyama, nsomba, mazira kapena nyemba kukula ngati chikhatho. Masamba odzaza manja awiri. Muuzeni wophika kuti mayi, chepetsani sadza, onjezani muriwo, msuzi wa mafuta ukhale. Palibe amene amakana, chifukwa kovo ndi wotchipa kuposa nyama. Mukapeza ufa wa mgaiwa sankhani umenewo, umakhalitsa m'mimba.

Mu kabini muzikhala chigubu cha madzi cha malita 5. Zotsekemera zikhale za kamodzikamodzi, tiyi atsike kufika pa sipuni imodzi. Mukangochita chimenechi chokha mwaposa kale mnyamata wa sikelo uja.

Msewu wa Mashonaland ndi msika wa chakudya chabwino, ife timangoupyola. Pa Mutoko pali tomato ndi mango, ku Mazowe malalanje, nthawi ya dzinja masuku amene kuno amati mazhanje ali mbwee m'mbali mwa msewu. Mtedza, nzama zowiritsa, mbatata, chimanga chowotcha, mazira owiritsa ndi matemba a ku Kariba zimapezeka ndi ndalama yochepa kuposa tchipisi ndi soseji. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 a mapuloteni. Munthu wa makilogalamu 80 amafunika pafupifupi magalamu 64 patsiku, ndipo mazira awiri, nyemba, matemba ndi nsima yomweyo zimafikitsa popanda chitini cha ufa wa ku jimu. Mtedza wokha samalani, dzanja limodzi lakwana, uli ndi mafuta ambiri.

Masiku amene timataya pa boda ndi m'mafamu podikira katundu ndi jimu yaulere. WHO imati munthu wamkulu aziyenda kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Yendani kuchoka kumapeto kwa mzere wa malole kufika kugeti n'kubwerera, m'malo motuma mwana kukagula chakudya. Pa Chirundu pokha musayende usiku, paja njovu za pamenepo sizifunsa pasipoti. Ndipo gonani. Munthu wosagona mokwanira amamva njala yambiri ndipo amalakalaka zotsekemera, ndiye kuyendetsa usiku wonse ndi zakumwa zochotsa tulo kumakudyani kawiri.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuchoka kumutu kufika kuphazi, muchipinde pakati. Chingwe chopindacho chizungulire mimba cha pamchombo. Chikakana kukumana, mafuta a m'mimba achuluka. Munthu wotalika masentimita 170, mimba isafike 85. Yezani kamodzi pamwezi. Ndipo kamodzi pachaka pitani kuchipatala akuyezeni BP ndi shuga, chifukwa matenda awiriwa amayenda mwakachetechete. Za mchere, WHO imati osapyola magalamu 5 patsiku, kasipuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wa mu supu wa m'paketi ndi soseji.

Ndisanamizire, alipo amene kuwerenga kumawathandiza. Wodwala shuga amene amabaya insulin ayenera kudziwa sitachi imene akudya, wodwala impso ayenera kusamala mapuloteni ndi mchere, ndipo amenewa awatsogolere ndi achipatala, osati munthu wa pa WhatsApp. Wonyamula zitsulo amene akufuna minofu yeniyeni angafunike mapuloteni ofika magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ameneyo awerenge. Komanso ngati mukufuna kulemba zonse zimene mukudya kwa sabata imodzi kuti mudzione nokha, lembani mu kope la mafuta a galimoto, osabisa botolo ngakhale limodzi. Mudzadabwa, ndipo simulipira aliyense. Chimene ndikukana ndi kuuza mayi woyenda ndi mabelo kuchoka ku Harare kupita ku Limbe kuti sangaonde popanda sikelo, foni ndi madola a mwezi ndi mwezi. Za tiyi woondetsa musandiyambe n'komwe: wambiri amangotsegula m'mimba, mumataya madzi, ndipo kutsegula m'mimba m'basi ya pakati pa Tete ndi Cuchamano mukudziwa nokha mathero ake.

Palinso anzathu ena amene amati mimba ndi ulemu, bwana aoneke kuti akudya bwino. Akuluakulu, tonse tikudziwa dalaiva amene anatsitsidwa mu kabini mbali imodzi itafa, kapena amene anadulidwa phazi chifukwa cha shuga. Bwana wa lole amapeza dalaiva wina tsiku lomwelo. Ana anu ndi amene amatsala opanda fizi, ndipo kubweretsa maliro kuchoka ku Zimbabwe kufika kumudzi tonse tasonkhapo mugulu muno, mtengo wake tikuudziwa.

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino, ndipo wolonjeza makilogalamu 10 pamwezi akufuna ndalama zanu. Ulendo ukubwerawu yesani chimodzi chokha, madzi m'malo mwa zotsekemera kuchoka pa Mwanza mpaka kotsitsa katundu. Mukabwerako mutiuze m'makomenti kuti mwasunga madola angati. Aphunzitsi a ma macro amene muli mugulu muno, bwerani titsutsane poyera, musandilowere ku inbox.

Muyende bwino nonse, Mulungu akutsogolereni pamsewu.