Manje: nyumba ndi mayendedwe zifunika kukonzedwa pamodzi

BLANTYRE — Ngozi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 idaonetsa kuti vuto la malo okhala ku Manje, mumzinda wa Blantyre, silingathe pongouza anthu kuti atsike m'phiri la Soche, popanda kuganizira momwe anthuwo amayendera pokasaka ndalama.

Mvula itagwa mosalekeza kwa masiku angapo, matope ndi miyala zidagumuka m'phirimo n'kukwirira nyumba ku Manje ndi ku Chilobwe. Pa 13 Malichi, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adalengeza kuti chigawo cha kummwera chili pangozi. M'dziko lonse anthu oposa 650,000 adasowa pokhala.

Gwero la vutoli ndi lakale. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 661,000 mumzindawu, ndipo pofika 2018 chiwerengerocho chidaposa 800,000. Bungwe lomanga nyumba la Malawi Housing Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, komanso mapuloti ogawidwa mwadongosolo m'madera monga Zingwangwa, Bangwe ndi Chilomoni, sizidakwanire anthu onsewa. Ambiri adagula malo kwa mafumu kapena kwa anthu wamba, ndipo pansi patadzaza adayamba kukwera mtunda, kudula mitengo ndi kukumba maziko pamalo omwe ndi nkhalango yotetezedwa.

Koma kuchepa kwa mapuloti si chifukwa chokhacho. Manje ali pafupi ndi Limbe, komwe kuli msika, masitolo ndi maganyu. Mlonda, mayi wogulitsa masamba kapena mmisiri atha kuyenda wapansi tsiku lomwe ndalama ya minibasi yasowa. Chitsekereni kampani ya Shire Bus Lines mu 2007, anthu a m'matauni amadalira kwambiri maminibasi, ndipo zaka zaposachedwapa njinga zamoto za kabaza, zomwe mitengo yake imakwera mafuta akangokwera kapena kusowa.

Apa ndiye pagona nkhani kwa okonza mapulani. Banja lopatsidwa malo kutali ndi tauni limapeza poti n'kumanga, koma ndalama yomwe lidali kugulira ufa imathera paulendo. Banja lotero lingathe kugulitsa malowo n'kubwerera kuphiri. Choncho malo atsopano ayenera kukhala ndi msewu wodutsika nyengo zonse, siteji ya maminibasi, madzi, sukulu ndi msika anthu asanasamutsidwe.

M'madera omwe anthu angapitirize kukhalamo, msewu ndi mbali ya chitetezo. Nyumba zambiri kumtunda zimafikika kudzera m'tinjira tawapansi, moti ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto singafikeko. Msewu wopanda ngalande umasanduka mtsinje m'dzinja, madziwo n'kulowa m'nyumba za kumunsi. Kutsegula misewu yolowera m'makwalala kufunika kugwirizana ndi eni nyumba, poti ena ayenera kupereka gawo la malo awo, ndipo nkhani ya chipukutamisozi iyenera kukambidwa poyera.

Malamulo alipo. Lamulo la mapulani a malo la 2016 limafuna chilolezo munthu asanamange, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1991. Chovuta n'chakuti ntchitoyi ndi yogawikana: khonsolo ya mzinda imavomereza zomanga, unduna wa zamalo umayang'anira malo a boma, nthambi ya zankhalango imateteza phiri, pomwe nthambi ya DoDMA imatsogolera pangozi. Maofesiwa akamayenda payekhapayekha, wina amagawa malo komwe mnzake alibe pulani ya msewu.

Makomiti a chitukuko a m'mawodi, makhansala ndi mafumu ndiwo akudziwa khwawa lomwe limasefukira, nyumba za lendi ndi njira zomwe anthu amadutsa m'mamawa. Kalembera wa nyumba ndi mapu a malo angozi opangidwa limodzi ndi anthuwa ndiwo angathandize kusiyanitsa mabanja ofunika kusamuka ndi omwe angofunika ngalande ndi msewu.

Zomwe zingachitike ku Manje zikhala phunziro kwa anthu okhala m'mphepete mwa mapiri a Ndirande ndi Bangwe, omwenso amaliyembekezera dzinja ndi nkhawa yomweyo.