MAWU A MLANGIZI WA MALIMIDWE: Phala la Mwana Lisakhale la Kondowole Yekha

 Masabata apitawa takhala tikukambirana za nazale ya mpunga. Lero ndifuna tikambe za mbewu ina yoposa mpunga, ndiye mwana amene wayamba kumene kudya phala. Ena adzati, "Kodi mlangizi wa malimidwe wayamba liti kugwira mthiko?" Yankho langa ndi lakuti chakudya cha mwana chimayambira kumunda ndi kudooko, ndipo ine ndidaphunzira zimenezi mwamanyazi pakhomo panga pomwe.

Mwana wathu woyamba atakwanitsa miyezi 6, tidayamba kumpatsa phala monga achitira ambiri kuno: ufa wa kondowole, madzi ambiri ndi kashuga pang'ono. Ankamwa bwino, mimba nkutuluka, ife nkumati mwana akudya. Koma miyezi iwiri yotsatizana mzere wa pa khadi la kusikelo sudakwere. Tsiku lina ndidawaperekeza amake. Anamwino atamva zimene mwana amadya, adandiyang'ana nati, "Bambo, si inu kodi amene mumatiuza kuti chimanga chopanda manyowa chimachita chikasu? Nanga m'phala la mwanayu mwathira manyowa anji?" Ndidasowa choyankha. Madzulo omwewo ine ndi akunyumba kwanga tidatenga mtondo ndi sefa nkuyamba kuphunzira.

CHIFUKWA CHAKE KONDOWOLE YEKHA SAKWANA

Chinangwa ndi mbewu yabwino, ndipo chatipulumutsa ku njala zaka zambiri. Koma ntchito yake ndi kukhutitsa ndi kupatsa mphamvu basi. Pa magalamu 100 a ufa wa chinangwa, chakudya chomanga thupi sichipitirira magalamu awiri. Mu ufa wa mgaiwa muli pafupifupi magalamu 9, mu mtedza muli 25, ndipo mu usipa wouma muli oposa 50. Tsono taganizani: kamimba ka mwana ndi kakang'ono, sikaposa kapu imodzi. Mukakadzaza ndi madzi ndi kondowole, mwana amaleka kulira, koma alibe chomangira mnofu, magazi ndi mafupa.

Mwana wotere amayamba kuonda, kapena amatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi limafiira ndi kufewa, khungu limasupuka, ndipo safuna kusewera. Kumudzi timafulumira kunena kuti ndi tsempho, bambo ndi mayi nkuyamba kulozana zala, masiku nkumapita. Madokotala amaitcha nthendayi kwashiorkor. Dokotala wamkazi dzina lake Cicely Williams adaifotokoza m'chaka cha 1933 ali ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Dzinali adalitenga kwa eni dziko, amene ankatanthauza nthenda yogwira mwana wochotsedwa kubere chifukwa kwabadwa mng'ono wake. Imakonda ana odya zokhutitsa zokha. Mukaona mapazi a mwana atupa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Nkhani ya kadyedwe si yachilendo kwathu kuno. M'zaka za 1938 ndi 1939, pamene boma lino linkalembedwa kuti Kota Kota, Dokotala B. S. Platt ndi anzake adakhala m'midzi ya m'boma lino akuyeza zimene anthu ankalima ndi kudya. Padapita zaka zoposa 70, ndipo kafukufuku wa Boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi, 37 anali opinimbira. Izi nzomvetsa chisoni makamaka kwa ife amene nsomba zimauma pa thandala pakhomo pathu.

KAPHIKIDWE KAKE

Choyamba, mwana osakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, popanda phala ngakhale madzi. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe kudya, koma apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Konzani ufa wa usipa motere. Tengani usipa wouma bwino, makamaka wofutsa, musankhe ndi kuchotsa mchenga. Ukazingeni pang'ono kuti uume gwa, musinje mumtondo woyera, kenaka musefe kuti pasatsale munga woti nkumtsamwitsa mwana. Minga yosinjidwayo ndiyo imalimbitsa mafupa ndi mano. Sungani ufawo m'botolo louma lotsekeka, ndipo muzikonza wa sabata limodzi lokha. Matemba ndi utaka wouma muchite nazo chimodzimodzi.

Nsinjiro nazo zichokere ku mtedza wosankhidwa bwino. Mtedza wofota, wowola kapena wachuku mutaye, musampatse mwana, pakuti chuku chimaononga chiwindi.

Pophika, tengani masupuni aakulu atatu a ufa wa mgaiwa kapena wa mpunga wosinja. Ngati muli ndi kondowole yekha, yesetsani kusakaniza ndi mgaiwa kapena mpunga, ndipo akhale wa chinangwa choviikidwa mpaka kufewa ndi chouma bwino, kuti ululu wa chinangwa chowawa uthe. Onjezani supuni yaikulu imodzi ya nsinjiro ndi supuni yaing'ono imodzi ya ufa wa usipa. Phikani pa moto wochepa mukutakasa mpaka phala litapsa ndithu. Likatsala pang'ono kupsa, ikani masamba ofewa osinja, monga nkhwani, bonongwe kapena kholowa. Tsiku limene mulibe nsinjiro, thirani supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Tsiku lina swerani dzira m'phalamo nkuliphika mpaka lipse. Dzira silimpweteka mwana.

Phala labwino mudzalidziwa potere: mukapendeketsa supuni, siliyenderera ngati madzi, koma limagwa pang'onopang'ono. Apongozi anga poyamba adakana, nati, "Mumtsamwitsa mdzukulu wanga." Tidawapempha kuti amdyetse okha. Ataona kuti akumeza bwino, ndiwo adasanduka osinja usipa wa sabata lililonse. Inu agogo, mawu anu ndiwo amamveka pakhomo, tithandizeni pa nkhani imeneyi.

Amene muli ndi soya mungathe kukonza ufa wonga wa Likuni Phala, phala limene lidatenga dzina ku chipatala cha Likuni pafupi ndi Lilongwe. Sakanizani mbale zinayi za chimanga ndi mbale imodzi ya soya wokazinga bwino, mukagayitse pamodzi.

KANGATI PA TSIKU?

Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku. Yambani ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu, muzionjeza mpaka theka la kapu. Wa miyezi 9 mpaka 11 adye katatu kapena kanayi, theka la kapu nthawi iliyonse. Wa chaka chimodzi mpaka ziwiri adye katatu kapena kanayi, pafupifupi kapu yodzaza. Pakati pa zakudyazi mpatseni nthochi yakupsa, papaya, mango kapena mbatata yophika, zonse zopotedwa bwino.

Akayamba kudya nsima, musabwereze cholakwa chathu chakale chomnyowetsera mbamu mu msuzi wokha, nsomba yeniyeni nkudya akuluakulu. Mnofu wa chambo kapena wa kampango muuchotse minga mosamala, muufinye ndi kumpatsa. Akhale ndi mbale yakeyake, kuti muone chimene wadya, pakuti m'mbale ya onse akulu ake amamlanda. Akakana chakudya chatsopano musamkakamize kapena kumtseka mphuno. Yesaninso mawa. Akadwala, muyamwitseni kawirikawiri ndi kumpatsa chakudya pang'onopang'ono, ndipo akachira muonjezere chakudya chimodzi pa tsiku.

Sambani m'manja ndi sopo musanaphike ndiponso musanamdyetse, ndipo mumsambitsenso mwanayo m'manja. Madzi akhale a pamjigo kapena owiritsa, osati otunga m'mphepete mwa nyanja. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene adasautsa maboma a m'mbali mwa nyanja. Phala logona musampatse mwana.

MAWU KWA ABAMBO

Tsono ndibwere ku ntchito yanga. Mayi sangaphike chimene kulibe. Ndimaona abambo akugulitsa usipa wonse kwa ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Kasungu, kunyumba nkubwerera ndi mchere ndi shuga. Musanagulitse, patulani mbale ya mwana. Nthawi imene usipa wachuluka, umitsani wina ndi kusunga pouma, pakuti mwera ukayamba kuomba mabwato amakhala pamtunda masiku ambiri.

Kumunda nako, pambali pa chinangwa ndi mpunga, siyani mizere ya mtedza, soya kapena khobwe yoti musagulitse. Mbewu zimenezi zimabwezeranso chonde m'nthaka. Bzalani mbatata yofiira mkati, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere, imene ili ndi vitamini A woteteza maso ndi thupi la mwana. Kudimba kusasowe masamba m'chilimwe, ndipo kuseri kwa nyumba kukhale mapapaya awiri ndi nthochi. Mazira ena a nkhuku zanu azilowa m'phala.

Mwana wathu uja, mwezi wachiwiri titasintha phala, mzere wake udayamba kukwera, ndipo sitidagule kanthu kusitolo. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Zaka ziwiri zoyamba ndizo nazale ya munthu, ndipo mwana wopinimbira nthawi imeneyi savuta kumzindikira ngakhale atakula. Pitani naye kusikelo mwezi uliwonse, ndipo inu abambo muziyang'ana khadi lake monga muyang'anira munda wanu. Amene muli ndi mafunso pa mbewu ya mtedza kapena ya mbatata, kaonaneni ndi mlangizi wa malimidwe wa kwanuko.

Sabata la mawa tidzakamba za kaumitsidwe ndi kasungidwe ka mtedza kuti usachite chuku. Tsalani bwino.

Ine wanu,
Mlangizi wa Malimidwe, Nkhotakota